Maenvulopu a Munthu Wamanzere

Tadala, ika foni pansi. Iwe Yamikani, usandiyang'ane ngati ndikufuna kukutuma, khala apa pafupi ndi mwendo wanga wabwinowu. Chifundo azimitse kanemayo, anthu ali m'menemowo sathawa.

Dzulo Tadala wandiuza mawu amene akundiyendabe m'mutu mpaka pano. Akuti poti tsopano wayamba ntchito, akufuna kukamanga chiliza pamanda a agogo anu aamuna, a Amidu, ndiye ndimulozere pamene anagona. Ndinamuyankha kuti tidzaona, monga ndakhala ndikuwayankhira amayi anu kuyambira ali mwana. Koma ine ndakalamba, ndipo "tidzaona" wangayo watsala pang'ono kutha. Lero ndikuuzani chifukwa chake simunapitepo kumanda amenewo.

Mukuona ichi ndatulutsa m'sutikesi? Ndi envulopu ya khaki, m'kati mulibe kanthu. Muyang'ane ndi maso okha, manja anuwo adya chipisi.

Inu ana a masiku ano envulopu mumaionera paukwati ndi pamaliro basi, ndipo mumaing'amba ngati yakulakwirani. Simudziwa kuti kale zinthu zimenezi ankapinda ndi manja, imodziimodzi. Ntchito ya agogo anu inali imeneyo.

Ine ndinabwera m'tauni muno ndili mtsikana, kuchokera kwathu cha ku Mitundu, kudzakhala ndi azakhali ku Mchesi. Nthawi imeneyo Lilongwe anali Old Town yokha: msika, mzikiti, masitolo a Amwenye ndi mlatho. Kuno ku Area 47 kumene mukudzitama nako kunali tchire, tinkabwera kudzatola nkhuni ndi kuzula bowa. Ndinkagulitsa mtedza wokazinga pakhonde la nyumba ina yosindikizira mapepala, kuseri kwa masitolo, ndipo ogula ndinkangowathirira m'manja. Tsiku lina munatuluka mnyamata wamtali wa kachipewa koyera, nkuima kundiyang'ana.

"Achemwali, mtedza wanu ndi wokoma, koma mukuwotcha anthu manja," anatero.

Mawa lake anandibweretsera timatumba ta mapepala, topindidwa bwino ngati ta m'sitolo. Mkuja wake anabweretsa tina. Ine ndinkangoti ndi munthu wachifundo. Azakhali ndiwo ananditsegula m'maso: "Mwana iwe ndiwe wogona. Mwamuna sapindira munthu mapepala chabe."

Amalume anga, a Jelemiya, poyamba anakana, ati Msilamu adzandiletsa kupemphera. Sanandiletse. Iwo Lachisanu kumzikiti, ine Lamulungu kutchalitchi. Ndinangosiya nkhumba ndi mbewa, ndipo kunena zoona, mbewa ndi zimene ndinazilira kwambiri. Tinapeza kanyumba kathu ku Mchesi komweko. Amayi awo, Abiti Saidi, ankakhala kufupi ndi mzikiti, ndipo anandilandira ngati mwana wobala okha.

Tsopano taonani kuno, ndikuphunzitseni zimene kusukulu kwanu kulibe. Envulopu ili ndi ziwalo, ndipo pantchitopo chilichonse chinali ndi dzina. Apa polowetsera kalata ndi pakamwa. Aka kopindikira pamwamba, konyambita potseka, ndi lilime. Kumbuyo kuno, pamene mbali ziwiri zakumana nkumatana, ndi msoko, ngati wa atelala. Yotsegukira kumutu ngati iyi ankaitcha poketi, ndipo msoko wake umatsika pakati pa msana. Yotsegukira m'litali, ya malilime anayi osongoka okumana pakati, inali bankala, ya makalata a chibwenzi ndi makadi a ukwati. Panali ya windo, yobooledwa kutsogolo nkumatapo kapepala kowala kuti dzina lionekere. Imeneyo anthu sankaikonda, chifukwa sinkabwera ndi nkhani yokoma. Panali ya ndege, yopepuka, ya timizere tofiira ndi tabuluu m'mbali. Panalinso ya mkombero wakuda, ya uthenga wa maliro, imene munthu ankayamba kulira asanaitsegule.

Ankayamba ndi chikombole cha lata. Ankachiika pamwamba pa mulu wa mapepala, kulemba mozungulira, kenako kudula mulu wonse ndi mpeni. Popinda ankakanikiza ndi fupa la nthiti ya ng'ombe, lopalidwa mpaka kusalala. Guluu wa kuntchito ankachokera kunja, koma kunyumba tinkaphika phala lathu la ufa wa chinangwa, wotakasa ndinali ine. Ukachulutsa phala envulopu imakwinyika, ukachepetsa imayasama isanafike kumene ikupita.

Tsono apa mutchere khutu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Agogo anu anali amanzere. Munthu wa dzanja lamanja akamapinda poketi amayamba kugoneka mbali ya kumanzere, ya kumanja nkubwera pamwamba. Wamanzere dzanja lake limafuna zina: ya kumanzere ndiyo imakhala pamwamba. Mmwenye mwini ntchito sankafuna kumva zimenezo. Ankati maenvulopu a m'bokosi limodzi azifanana, ndipo anawakalipira mpaka anaphunzira kupinda ngati anzawo, osaphonya. Koma akafika kunyumba nkukhala pakhonde, kathabwa kali pamiyendo, ankapinda chamanzere. Akamaliza kumata ankatsindika kumunsi kwa msoko ndi chikhadabo cha chala chachikulu, pamatsala kachipsera kokhota.

"Bwanji simupinda ngati kuntchito?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Anankhoma, kuntchito dzanja ndi la Mmwenye. Pano ndi langa."

Maenvulopu a kunyumbawo tinkapanga ndi mapepala oonongeka amene antchito ankaloledwa kutenga. Mbali yosindikizidwa inkalowa m'kati, yoyera kunja. Loweruka ankakawagulitsa panja pa positi ofesi kwa amayi olembera amuna awo ku Joni. Sitinali olemera, koma ndiwo sizinkasowa, ndipo amayi anu atabadwa ndinkadziona ngati mkazi wodala m'Mchesi monse.

Inu mumanyoza atsogoleri pafoni muli chigonere, palibe okugogoderani. Ife tinakulira m'dziko la chipani chimodzi. Popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Chithunzi cha mkulu wa dziko chinali m'sitolo iliyonse, ndipo panalibe chinthu chololedwa kupachikidwa pamwamba pake, ngakhale wotchi. Dzina lake sitinkalitchula mwachisawawa, ndipo mpaka lero lilime langa limakanabe.

Chakumapeto kwa chaka china, kuntchito kwawo ankasindikiza makalendala a chithunzi chimenecho. Ena inki inadonthera, ndipo wina anawaponya pamulu wa zotaya, kusakanikirana ndi mapepala ena. Agogo anu anatenga mulu wawo monga mwa nthawi zonse, kuika chikombole, kudula. Wodula mulu amaona pepala la pamwamba lokha. Popinda, munthu wozolowera sayang'ananso, manja amayenda okha. Maso awo tsiku limenelo anali pa amayi anu, amene ankaphunzira kukwawa pabwalo.

Envulopu imodzi inakafika kwa munthu wa chipani. Poitsegula anaing'amba yonse, nkupeza m'kati muli diso limodzi ndi tsaya la mkulu wa dziko, mpeni utadutsa pakati pa nkhope. Kupeza wogulitsa sikunavute.

Anabwera masana, dzuwa lili pamutu, anyamata awiri a chipani a malaya ofiira ndi mmodzi wa suti. Agogo anu anali pakhonde ndi kathabwa kawo.

"Ndinu a Amidu opanga maenvulopu?"

"Ndine."

"Tiyeni mukatithandize pang'ono, mubwera posachedwa."

Anaimirira, kusasa timapepala pathalauza, nkundiika fupa lija m'manja. "Anankhoma, phala lili pamoto, muliphule lingapserere." Mawu omaliza amene ndinawamva kwa amuna anga ndi amenewo.

Ndinayenda kupolisi mpaka mapazi anang'aluka. Tsiku lina wapolisi wina wachikulire anandikokera pambali. "Mayi, dzina limenelo ife sitikulidziwa. Muli ndi mwana pamsana, pitani mukalere mwana." Mmwenye uja anati sanawaonepo chibadwire. Anansi amene ankabwera kudzapala moto ndi kupempha mchere anayamba kuzungulira kuseri kwa nyumba. Sindiwada, nawonso ankaopa. Koma sindinaiwale, ndipo ena mwa iwo ndinapita kumaliro awo maso ali gwa.

Mvula inagwa nkutha, inagwanso nkutha, osamva ngakhale mphekesera. Abale a amuna anga anayamba kunena kuti achite mapemphero ndi sadaka, munthuyo apume. Apongozi anga, maso atayamba kale kuchita khungu, anakana. "Sindingadyetse anthu sadaka ya mwana amene mwina akupuma," ankatero. Kenako anabwera amalume a Jelemiya kuchokera kumudzi, kukhala pampando wa agogo anu ngati wawo.

"Mphwanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumudzi kuli mwamuna wofedwa, ali ndi ngolo ndi ng'ombe zake. Opita kumene kuja sabwerako. Longedza."

Ndinawapempha kuti andidikire mpaka anthu akolole. Ndikuuzani mosabisa, ndinali nditatopa. Ndikanangodziwa kuti ndine wamasiye, ndikanalira nkupita. Chimene chinkandidya chinali kusadziwa: kukwatiwa kwina, mwini wake nkudzatulukira mawa pakhomo, kupeza mwana wake akuitana wina kuti bambo.

Nthawi imeneyo ndinali nditapeza ntchito yochapa ndi kusesa ku Area 10, panyumba ya bwana wina wamkulu wa m'maofesi a boma. Ndinawauza kuti amuna anga ali ku Joni, apo ayi sakanandilemba. Ndinkanyamuka mamawa wapansi, kudutsa Kawale, kudutsa City Centre ndi nyumba zake zoyera zatsopano, mpaka kukafika kumipanda ya maluwa kuja. Inu mukangoyenda kuchoka pageti kukafika pashopu mumati miyendo yaphwanya.

Ntchito ina inali kukoleza moto wa madzi osamba kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkayatsira mapepala a m'dengu la abwana. Zaka zimenezo katundu ankavuta kulowa m'dziko chifukwa cha nkhondo ya kwa anzathu a kutsidya kwa malire, ndiye m'maofesi munayamba kuoneka maenvulopu a khaki opinda pamanja, opangidwa ndi mafomu akale. Ndinkawaseka mumtima, chifukwa ambiri anali okhota, phala lili mbwee. M'mawa wina, chimanga chitayamba kuuma m'minda, ndinatola imodzi kuti ndiponye pamoto. Chala changa chinadziwa maso asanaone. Chinatsetsereka pamsoko nkukakodwa mbali ina. Ndinaitembenuza. Ya kumanzere inali pamwamba, msoko woongoka bwinobwino, ndipo kumunsi kunali kachipsera kokhota.

Ndinangokhala pansi paphulusa pomwepo. Adona anasuzumira pawindo la kukhitchini.

"Nankhoma, wadwala?"

"Ayi madamu, ndi utsi."

Ndinaibisa m'chitenje. Masana kunabwera mesenjala wa kuofesi panjinga kudzasiya mafayilo, ndipo ndinamufunsa ngati mocheza kuti maenvulopu oipa chonchiwa amawagula kuti. Anayang'ana uku ndi uku. "Sagula awa, mayi. Amapinda akaidi, aja osatchulidwa aja. Musadzandifunsenso."

Nditaweruka sindinapite kwathu, ndinalunjika kwa apongozi. Ndinawapeza pamkeka, mikanda yawo yopempherera ili m'manja. M'nyumba yoyandikana munali anthu, ndiye sindinanene kanthu. Ndinangowagwira dzanja, kuika envulopu, nkuyendetsa chala chawo pamsoko kuchokera kumutu mpaka kumunsi. Anabwereza okha. Atafika pakachipsera paja anaima. Misozi inatuluka m'maso osaona aja.

"Alhamdulillah," ananong'ona. "Mwananga, phika tiyi, uthire shuga wambiri."

Amalume atabwera pokolola ndinawauza kuti ine ndine mkazi wa mwini, sindipita. Anandifunsa kuti ndamva kwa yani. Sindikanawaonetsa, chifukwa a Jelemiya akalawa mowa ankaulula ndi za m'mimba mwa amayi awo zomwe. Anachoka atakwiya, ati tauni yandizunguza mutu, ndipo sanadzapondenso pakhomo panga mpaka kumwalira kwawo.

Kuyambira pamenepo dengu la abwana linasanduka positi ofesi yanga. Envulopu iliyonse ndinkayamba ndaitembenuza ndisanaiotche. Ambiri anali a manja ena. Nthawi zina mwezi unkatha osaona kanthu, mtima uli m'mwamba, kenako nkutulukira imodzi ya msoko wa kumanzere. Ndinkathamanga nayo kwa apongozi, iwo nkuisisita ngati mutu wa khanda. Yatsopano ikabwera, yakale tinkaiotcha, poopa kuti wina angatipeze ndi mulu wa mapepala a boma. Ntchito ija inali yowawa, adona anali olongolola, ndipo kwina anandiitana kwa malipiro abwino, koma ndikanachoka bwanji kusiya dengu limenelo? Amayi anu anakula, anayamba sukulu, anagweluka mano nkumeranso, ine ndili pomwepo. Akandifunsa za bambo awo ndinkati ali ku Joni, chifukwa mwana sasunga mawu.

Chinthu chimodzi chinkandizunguza. Ndinkadziwa kuti agogo anu amatha kupinda chamanja, ndipo pantchito ya eni ake ankapinda chamanja nthawi zonse. Nanga kundende, kumene munthu amamenyedwa ngakhale chifukwa cha kutsokomola, ankapindiranji chamanzere? Ndinalibe womufunsa.

Kenako dzanja lija linayamba kusintha. Msoko unayamba kupendekeka. Phala, limene iwo sankalola kuti lituluke ngakhale kadontho, linayamba kuonekera m'mbali. Kachipsera ka chikhadabo kanayamba kuchepa mphamvu. Apongozi anazindikira ine ndisananene. "Akudwala," anatero. Ndipo palibe chimene tikanachita, ana inu. Sitikanatumiza phala, bulangeti, ngakhale moni. Tinkangoonerera munthu akutha papepala.

Iyi ndagwirayi ndi yomaliza. Taonani mmene msoko wakhotera, ngati wapinda mwana. Kachipsera kali apa, muyenera kupendeketsa kuti mukaone.

Ndinadikira dzinja lonse ndi chisanu chonse. Ndikangolowa pakhomo apongozi ankatambasula dzanja, ine nkunena kuti sizinabwere. Tsiku lina ndinatenga imodzi mwa zimene zinkabwera tsopano nkuwaikira m'dzanja. Anayendetsa chala kamodzi kokha.

"Ili si dzanja lake."

"Onse akubwera otere, amayi. Papita nthawi."

Anandibwezera envulopu ija. "Pita ukawauze ashehe."

Anachita mapemphero ndi sadaka popanda mtembo, ndipo anthu anabwera ochepa, olowera kuseri. Apongozi sanakhalitse, chaka chomwecho tinawaika.

Chipani chimodzi chitatha, amene anatsala ndi moyo anayamba kutuluka. Ndinkadziwa kuti anga sali m'gululo, komabe basi ikaima ndinkayang'ana otsika. Tsiku lina kunabwera bambo wina ku Mchesi, woonda, mano atatha m'kamwa, akufunsa nyumba ya mkazi wa Amidu wamanzere. Ndinamuyalira mkeka, kumupatsa madzi. Atamwa anayamba kulongosola.

"Mayi, amuna anu ndiwo anatiphunzitsa tonse kupinda. Ife anatiphunzitsa chamanja, mmene oyang'anira ankafunira. Koma iwo okha ankapinda chamanzere. Ankamenyedwa nazo, ati akusokoneza mabokosi, mawa lake nkubwerezanso. Tikawadandaulira ankati, maenvulopu awa akupita ku Lilongwe, ndipo ine ku Lilongwe ndili ndi munthu wodziwa dzanja langa. Chifuwa chitawagwira, kukhala tsonga kutakanika, tinkawaikira kathabwa pamimba, nkumapinda ali chigonere."

Ndinamufunsa kumene anawaika. Anapukusa mutu. Anati womwalira ankamutulutsa m'mawa, ndipo palibe mkaidi amene ankaona kumene wapita naye.

"Koma anandituma, mayi. Anati ndikadzatuluka ndidzakufuneni, ndidzakufunseni funso limodzi. Kodi inakupezani ngakhale imodzi?"

Ndinalowa m'nyumba nkutulutsa iyi. Bambo uja anaitembenuza, kuona msoko, nkuyamba kulira ngati mwana, ine ndikumutonthoza m'malo moti iye anditonthoze. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chimenecho. Ine ndinkalandira, amayi awo ankalandira, ndipo chifukwa cha maenvulopu amenewa amayi anu sanaitanepo munthu wina kuti bambo. Koma mwini wake anamenyedwa zaka zonse zija nkumwalira osadziwa ngati imodzi yokha inafika.

Ndiye Tadala mwana wanga, simenti yakoyo sunga, udzamangire nyumba. Manda a agogo ako palibe amene angakulozere. Usalire choncho, taona wayambitsanso Chifundo. Chimene ndikukupemphani ndi chochepa, ndipo ndikunena nonse mulipo kuti wina asadzati sanamve. Tsiku langa likadzafika, musadzaiwale envulopu iyi m'sutikesi. Mudzandiikire m'bokosi, m'dzanja lamanzere. Ndikufuna ndikawaonetse kuti inafika.